KUKHOLA LA NKHUKU: MBIRI YA JIMMY SMITH M'MBALE ZIWIRI

Ndili ndi mbale ziwiri za galamafoni zimene zili ndi nyimbo zofanana, za woimba mmodzi, zojambulidwa tsiku limodzi. Imodzi ndi yosalala ngati galasi, ndipo odziwa malonda a mbale zakale amati ndikadaigulitsa ndikadagula mbuzi zingapo. Inzake ndi yokalikakalika, chikuto chake chinanyowapo ndi mvula, ndipo munthu wina wogulitsa mbale ataiona anandiuza mosapsatira kuti ndikangoitaya kudzala. M'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga owerenga chifukwa chake sindinaitaye, ndiponso chifukwa chake ndikhulupirira kuti kwa munthu wophunzira mbiri yakale, mbale yokalikayo ndiyo ili ndi umboni wochuluka. Koma tisanafike pamenepo tiyenera kuyamba tadziwa mwini wake wa nyimbozo ndi anthu amene anamulera.

Funso la agogo

Mbale yokalikayo inali ya malume anga, amene anakhala zaka zambiri ku Johannesburg akugwira ntchito yophika mu hotela. Pobwerera kumudzi anadza ndi sutikesi, jekete lalitali, galamafoni ya mabatire ndi mbale zochepa. Zambiri mwa izo zinali za kwela ndi simanjemanje, koma imodzi inali yachilendo. Pachikuto pake panali chithunzi cha mwamuna wakuda wovala malaya ofiira, atakhala pafupi ndi khola la nkhuku, galu ali pambali pake. Ife ana tinkayesa kuti ndi munthu wa m'mudzi wina chapafupi, pakuti khola ndi galuyo sizinali zosiyana ndi zakwathu. Dzina la mwamunayo linali Jimmy Smith, ndipo la chimbalecho linali Back at the Chicken Shack. Malume ankangoti "ija ya kukhola la nkhuku".

Tsiku loyamba kuimva, agogo anga aakazi anaima pakhomo atanyamula lichero, namvetsera kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Kodi ndani walola limba la m'tchalitchi kupita kumowa?" Tonse tinaseka. Papita zaka zambiri tsopano, ndipo ndazindikira kuti agogo, amene sanaponde m'kalasi, anali atafunsa funso lenileni limene aliyense wolemba mbiri ya nyimbo zotchedwa soul jazz ayenera kuyankha.

Limba lopanda mapaipi

Limba limene agogo anamva linapangidwa ndi Laurens Hammond, katswiri wa ku America amene poyamba ankapanga mawotchi a magetsi. Anayamba kugulitsa malimba ake mu 1935. Limba lalikulu la m'matchalitchi a ku Ulaya limalira ndi mpweya wodutsa m'mapaipi, ndipo ndi lodula kwambiri. La Hammond lilibe mapaipi. M'kati mwake muli timagudumu tachitsulo ta manomano tokwana 91, timene timazungulira pafupi ndi maginito, kalikonse ndi kutulutsa liwu lake. Woimba amasakaniza mauwo pokoka kapena kukankha timitengo 9 monga momwe mayi amapimira mchere ndi tsabola mu ndiwo. Pali mizere iwiri ya makiyi, uliwonse wa makiyi 61, ndi zopondera 25 za kumapazi. Munthu wina, Don Leslie, anapanga bokosi lotulutsira mau limene m'kati mwake muli lipenga lozungulira, ndipo ndilo limachititsa kuti liwu la limba lizinjenjemera ngati la munthu wogwidwa ndi mzimu. Mtundu wa limba umene unatchuka koposa, B-3, unatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950.

Hammond ankafuna kugulitsa malimba ake ku matchalitchi osauka amene sakanatha kugula a mapaipi. Ena mwa matchalitchiwo anali a anthu akuda. Pakati pa zaka za m'ma 1910 ndi 1970, anthu akuda okwana pafupifupi 6 miliyoni anathawa umphawi ndi malamulo a tsankho a kumwera kwa United States, nakakhala m'mizinda ya kumpoto ndi kumadzulo monga Chicago, Detroit, Philadelphia, Newark ndi New York. Anasiya minda ya thonje koma sanasiye nyimbo zao za blues, kapempheredwe kao ndi kaphikidwe kao. Munthu yemweyo amene ankavina m'bala Loweruka usiku ndiye ankaomba m'manja m'tchalitchi Lamulungu m'mawa. Tsono limba silinachite kubedwa kuti lifike kumowa. Linangotsatira eni ake.

Panalinso nkhani ya ndalama. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, magulu akuluakulu a oimba 15 kapena kuposa anayamba kutha chifukwa cholemera kulipira. Mwini bala anaona kuti anthu atatu okha, wa limba, wa gitala kapena sakisofoni, ndi wa ng'oma, angadzaze nyumba ndi phokoso lokwanira, popeza wa limba amaimbanso yekha mau a besi. Tikamakamba za luso tisamaiwale thumba la mwini bala, chifukwa nalonso linalemba nawo mbiriyi.

Chaka cha m'nyumba ya katundu

James Oscar Smith anabadwira ku Norristown, pafupi ndi Philadelphia. Anayamba kuimba piyano ali mwana, akumathandiza bambo ake pa masewero a nyimbo ndi magule. Atatuluka m'gulu la asilikali a panyanja anaphunzira besi ndi piyano m'sukulu za nyimbo ku Philadelphia. Limba la Hammond linali kale m'manja mwa oimba jazz ena monga Wild Bill Davis ndi Milt Buckner, koma iwo ankaliimba ngati gulu lonse la malipenga, kutsitsa mau ambiri nthawi imodzi. Smith atamva Davis anaganiza zosiya piyano. Anagula limba lake, nalisunga m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kwa nthawi ya pafupifupi chaka ankadzitsekera m'menemo kudziphunzitsa yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potuluka m'menemo anali ndi kaimbidwe kamene kanali kasanamvekepo. Dzanja lamanja linkathamanga ndi liwu limodzilimodzi monga momwe Charlie Parker ankachitira pa sakisofoni. Dzanja lamanzere linkayendetsa besi pa mzere wapansi wa makiyi, phazi likugunda chopondera kuti liwu lililonse lituluke ndi mphamvu. Kawirikawiri ankakoka timitengo titatu toyambirira tokha, zimene zinkapatsa limba liwu lonenepa koma lomveka bwino. Amene anadza pambuyo pake, Jimmy McGriff, Shirley Scott, Jack McDuff, Richard Holmes ndi Lonnie Smith, onse anamwa pachitsime chimenechi. Sichinthu chongochitika kuti McGriff ndi Scott anali a ku Philadelphia, ndipo Holmes anali wa ku Camden, tsidya lina la mtsinje wa Delaware.

Kumayambiriro kwa 1956 Smith anaimba ku New York, ndipo eni kampani ya Blue Note atamumva sanazengereze. Kampaniyi inayambitsidwa mu 1939 ndi Alfred Lion, Myuda wa ku Berlin amene anachoka ku Germany, ndipo mnzake Francis Wolff anamutsatira chaka chomwecho pothawa ulamuliro wa Hitler. Onani, anzanga, mmene mbiri imalukirana: anthu awiri othawa tsankho la ku Ulaya ndiwo anasunga mau a ana a anthu othawa tsankho la kumwera kwa America. Chimbale choyamba cha Smith, A New Sound, A New Star, chinatuluka mu 1956 momwemo, ndipo pofika 1963 anali atajambula zimbale zoposa 20 pa kampani imeneyi.

Tsiku limodzi la mu 1960

Wojambula mau a zimbale zambiri za Blue Note anali Rudy Van Gelder, amene masana ankagwira ntchito yopima maso, usiku n'kumajambula oimba m'chipinda chochezera cha makolo ake ku Hackensack, m'chigawo cha New Jersey. Mu 1959 anasiya za maso namanga nyumba yakeyake yojambulira ku Englewood Cliffs. M'nyumba imeneyi, pa 25 April 1960, munalowa anthu anayi: Smith ndi limba, Stanley Turrentine ndi sakisofoni, Kenny Burrell ndi gitala, Donald Bailey ndi ng'oma. Zimene anajambula tsiku limodzi lokhalo zinakwanira zimbale ziwiri. Midnight Special inatuluka mu 1961, pamene Back at the Chicken Shack inadikira mpaka 1963.

Ndimakonda kukumbukira kuti pa 1 February chaka chomwecho, ophunzira anayi akuda ku Greensboro anakakhala pamalo odyera azungu okha m'sitolo ya Woolworth nakana kuchokapo. Nyimbo za Smith zilibe mau onena za ndale, ndipo ndingakhale ndikunama nditati iye anali mtsogoleri wa zionetsero. Komabe tayang'anani maina a zimbale zake: The Sermon!, ndiko kunena kuti ulaliki. Home Cookin', zophika za kwathu. Prayer Meetin', msonkhano wa mapemphero. Ndi chathu chija, chonena za kanyumba kogulitsiramo nkhuku yokazinga kumene anthu amacheza ndi kuvina. Zonsezi ndi zinthu za akuda a kumwera zimene zinkanyozedwa kuti n'zachimidzi. Kuzilemba ndi zilembo zazikulu pachikuto kunali kunena kuti sitichita nazo manyazi. Umo ndimo liwu loti soul linalowera m'dzina la nyimbo zimenezi. Horace Silver anali atatsegula kale njira ndi nyimbo yake The Preacher mu 1955, ndipo Bobby Timmons anatsatira ndi Moanin' mu 1958.

Si onse anakondwera. Ena mwa olemba za jazz m'manyuzi ankati nyimbo za limba n'zofanana zokhazokha, n'za m'mabala, ndipo zilibe kuya ngati za oimba amene ankafufuza njira zatsopano. Koma anthu wamba ankavota ndi makobidi ao. Blue Note inkadula nyimbo zazitali pakati, gawo loyamba mbali ino, lachiwiri mbali inayo, n'kuziika pa timbale tating'ono ta jukebox, makina aja oimba munthu akaponyamo ndalama. Ndalama zochokera kwa oimba ogulitsa ngati Smith zinathandiza kampani kujambula ena amene olembawo ankawatama koma zimbale zao sizinkayenda malonda. Mu 1962 Smith anasamukira ku kampani yaikulu ya Verve, kumene nyimbo ya Walk on the Wild Side, yokonzedwa ndi Oliver Nelson pamodzi ndi gulu lalikulu la malipenga, inamufikitsa kwa anthu amene sankamvera jazz n'komwe. Kunatsatira The Cat mu 1964 ndi zimbale zimene anajambula ndi Wes Montgomery mu 1966.

Chilichonse chili ndi nyengo yake. Pakati pa zaka za m'ma 1970 kampani ya Hammond inaleka kupanga B-3. Disiko ndi makiyibodi opepuka zinalanda malo, ndipo mabala ambiri a m'madera a anthu akuda anatsekedwa. Ambiri anati tsabola wakale sawawa. Koma anafulumira kulankhula. Blue Note inatsitsimutsidwa mu 1985, achinyamata a ku London anayamba kuvina zimbale zakale za limba, ndipo mu 1994 gulu la Beastie Boys linadula chidutswa cha Root Down, imene Smith anajambula ku Los Angeles mu 1972, n'kumangirapo nyimbo yao. Smith anamwalira pa 8 February 2005 ku Scottsdale, m'chigawo cha Arizona, ataona limba lake likulemekezedwanso.

Matenda a wosonkhanitsa

Tsopano ndibwerere ku mbale zanga. Malume atamwalira ine ndinatenga ija ya kukhola, ndipo kuyambira pamenepo ndinagwidwa ndi matenda osonkhanitsa zimbale za Smith. Ndinkatuma aliyense wopita kunja, ndinkasinthanitsa mabuku ndi mbale, ndipo pang'onopang'ono ndinaphunzira chinenero cha osonkhanitsa. Ndinadziwa kuti nambala BLP 4117 ndi ya mono, pamene BST 84117 ndi ya stereo. Ndinadziwa kuwerenga adiresi ya kampani yolembedwa pa kapepala kozungulira ka pakati pa mbale, popeza inkasintha ndi zaka: 767 Lexington Avenue, kenaka 47 West 63rd Street, kenaka New York USA chabe. Ndinaphunzira kupendeketsa mbale padzuwa kuti ndione zolembedwa pamalo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi kapepalako. Pamenepo pamakhala dzina la Van Gelder, ndiponso kachizindikiro kooneka ngati khutu, kamene kwenikweni ndi chilembo P cha fakitale ya Plastylite imene inkadinda mbale za Blue Note mpaka cha m'ma 1966. Mbale ya khutu ndi yoyambirira, ndipo mtengo wake umakwera.

Sindikunyoza luso limeneli. Ndi ntchito yomweyo imene wophunzira mbiri amachita akamapenda inki, pepala ndi chidindo cha kalata yakale kuti adziwe chaka chake. Zikuto nazonso n'zofunika kuzisunga: zithunzi zambiri anajambula ndi Francis Wolff mwini wake, ndipo anazikonza ndi Reid Miles, amene amati ankakonda nyimbo za classical ndipo mbale za jazz zimene ankapatsidwa ankazigawa. Vuto limayamba pamene maso alanda ntchito ya makutu.

Patapita zaka ndinapeza Back at the Chicken Shack ya khutu, yosakalika ndi pang'ono pomwe. Ndinaiika m'thumba la pulasitiki, ndinaiimika pa shelefu kutali ndi dzuwa, ndipo kwa zaka ziwiri ndinaiimba kamodzi kokha, mtima uli m'mwamba kuopa singano. Ya malume ndinaiponya pansi pa bokosi. Tsiku lina kunabwera mnzanga wophunzitsa mbiri yakale, ndipo ndinamuonetsa chuma changa monyadira. Anapempha kuti aimve. Ine ndinayamba kuzembazemba, ndati singano yatha, ndati fumbi lachuluka. Iye anandiyang'ana nati, "Achimwene, mbale imeneyi mukusungira yani? Ngati siimba, ndi mbale yodyera nsima." Pofuna kudzipulumutsa ndinavundukula bokosi ndi kutulutsa ya malume, poganiza kuti iyo ngakhale ikalike palibe chotayika.

Umboni wa mabala

Mnzangayo asanaimve anaitembenuza m'manja monga amachitira ndi mafaelo akale. Pa kapepala kapakati panalembedwa kuti Blue Note ndi nthambi ya Liberty Records, ndipo khutu panalibe. Kwa wogulitsa uja zimenezi zinkatanthauza kuti mbaleyo ndi yotsika mtengo. Kwa mnzanga zinkatanthauza kuti inadindidwa kampani itagulitsidwa kale pakati pa zaka za m'ma 1960, ndiye kuti patapita zaka chitulukire, anthu ankaifunabe mpaka kuidindanso. Kuseri kwa chikuto kunali kapepala ka mtengo wolembedwa m'ma rand, ndalama imene inayamba mu 1961. Motero mbale yojambulidwa ku New Jersey inaoloka nyanja n'kukagulitsidwa m'dziko la tsankho, kwa wophika wakuda wochokera dziko lina, amene anaona kuti n'koyenera kuchotsapo pa malipiro ake ochepa. Pakona panali dzina la malume lolembedwa ndi bolopeni kawiri, chizindikiro chakuti mbaleyo inkabwerekedwa ndipo mwini wake ankaopa kuti siibwerera.

Titaiika pa galamafoni tinapeza umboni wina. Mbali yoyamba inali yokalika kwambiri kuposa yachiwiri, ndipo mabala ochuluka anali pa nyimbo yoyamba, pafupi ndi pamene sakisofoni ya Turrentine imalowa. Pamenepo mpamene dzanja la munthu linkanyamula singano ndi kuibwezera, nthawi zosawerengeka, mwina dzanjalo litalawako kale. Ndinakumbuka malume atatsinzina, chala chili m'mwamba, akutiuza kuti tikhale chete chifukwa mnyamata wa lipenga wayandikira. Kudzera m'phokoso la mabalawo limba linkamvekabe, besi ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse, Bailey akusunga nthawi mosadzionetsera.

Mbale yanga yosalala imandiuza zimene zinachitika m'nyumba ya Van Gelder pa 25 April 1960, ndipo imazinena bwino koposa. Koma zimenezo aliyense angazimve lero pa CD kapena pa intaneti. Mbale ya malume imandiuza zimene zinachitika pambuyo pake: ndani anagula, anagula kuti, anakonda pati, anamvera ndi yani. Mbiri ya nyimbo ili ndi mbali ziwiri ngati mbale yomwe, ya oimba ndi ya omvera. Ya oimba inalembedwa kale m'mabuku ndi m'kaundula wa makampani. Ya omvera kawirikawiri siilembedwa paliponse, makamaka omverawo akakhala ophika, olondera ndi ochapa zovala. Imatsala m'mabala a mbale, ndipo msika wa osonkhanitsa, umene umalipira kusalala, umatiphunzitsa kutaya umboni womwewo.

Nyimbo za Smith zinapangidwira malo a utsi, mafuta a nkhuku ndi makobidi a jukebox. Olemba amene ankazinyoza chifukwa cha zimenezo, ndi ine amene ndinazitsekera m'pulasitiki, tinalakwa mofanana: tonse tinafuna kuzichotsa m'manja mwa anthu amene zinkawatumikira.

Masiku ano mbale zonse ziwiri zili pamodzi pa shelefu. Yosalala ndimaiimba Loweruka lililonse, ndipo yayamba kuonetsa timizere tating'ono timene sindidandaula nato. Ya malume ndimaiimba kamodzi pachaka, m'mwezi umene anatisiya, osati chifukwa choopa singano koma chifukwa yatsala pang'ono kutha. M'chikuto chake ndaikamo pepala lofotokoza mwini wake, kumene anaigula ndi funso lija la agogo. Pempho langa kwa inu anzanga ndi lakuti mukapita kumudzi pa tchuthi, musuzumire pansi pa bedi ndi m'masutikesi a akuluakulu. Mukapeza mbale, kaya ndi ya Smith kaya ya wina aliyense, musayambe mwafunsa mtengo wake. Yambani mwafunsa amene anaibweretsa, mulembe yankho lake akadali moyo, kenaka mufune singano.